Tsitsi langa likuthothoka chichitireni opaleshoni, kodi lidzameranso?

Nangozo

Ndikupereka moni kwa nonse, amayi ndi abambo a pagulu pano. Ndakhala ndikuwerenga zimene anzathu amalemba kwa nthawi yaitali osayankhapo kanthu, koma lero wamva m'mimba ndine, ndiye ndati nditsekule chitseko. Mwezi wa Malichi ndinachitidwa opaleshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero, zimene kwa zaka zitatu zinkandichititsa kutaya magazi ambiri ndikakhala kumwezi. Opaleshoniyo inayenda bwino ngakhale kuti anandiika magazi kawiri, bala linapola popanda vuto, ndipo pofika mu Meyi ndinali nditabwerera kuntchito.

Zodabwitsa zinayamba kumayambiriro kwa Juni. Loweruka lina ndinamasula tsitsi kuti ndichape, ndipo chipeso chinatuluka chitadzaza moti mano ake sankaoneka. Poyamba ndinadzilimbitsa mtima kuti ndi tsitsi lija limaunjikana munthu akakhala masabata angapo asanamasule, koma mpaka lero silinasiye. Ndikadzuka ndimalipeza papilo, ndikavula duku ndimalipeza m'kati mwake, ndipo Lachinayi lapitali mayi wina anachita kundisasa pamapewa tikutuluka ku Mvano, chifukwa pabulauzi yoyera chilichonse chimaonekera. Ndikaliyang'anitsitsa ndikuona kuti silikuduka pakati ayi, likutuluka lonse lathunthu, ndipo kutsinde kwake kuli kachinthu koyera kangati njere ya chitowe. Palibe pamene payera ngati dazi, kungoti mutu wonse wapepuka, makamaka m'mbali mwa chipumi.

Kunyumba kuno aliyense ali ndi yankho lake. Apongozi anga aakazi akuti ndisamataye tsitsilo kudzala chifukwa pali munthu amene sanakondwe kuti ndachira. Mnzanga wakuntchito akuti ndi mankhwala a kusaluni, chonsecho ndinasiya kuwongola tsitsi chaka chatha. Ena sakunena kanthu, amangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, poti ndinatsikanso thupi. Ukwati wa mng'ono wanga uli kumapeto kwa Ogasiti ndipo ine ndiye wamkulu kwathu. Kodi alipo amene zoterezi zinamuchitikirapo? Kodi lidzameranso, kapena ndiyambe kuzolowera?

Nabanda

Pepani kwambiri achemwali. Ine zinandichitikira nditabereka mwana wanga wachiwiri kudzera pa opaleshoni. Khanda litakwanitsa miyezi inayi, m'mbali mwa chipumi munayera moti ndinkaopa kudzijambula, ndipo azakhali anga anandiuza kuti mwanayo akundiyamwa tsitsi, ndimuletse bere. Sindinawamvere, ndinapitiriza kuyamwitsa, ndipo pamene mwanayo ankayamba kuyenda tsitsi linali litabwerera lokha popanda kupaka kanthu. Limbani mtima, koma tidikire amene anaphunzira zimenezi atiuze bwino.

Namwino wopuma

Mwanawanga Nangozo, zikomo chifukwa mwafotokoza mwatsatanetsatane, ndipo zinthu ziwiri zimene mwatchula zandithandiza kwambiri: miyezi imene yadutsa kuchokera pa opaleshoni, ndi kachinthu koyera kali kutsinde kwa tsitsi. Sindingakupimeni pafoni, koma zimene mwalembazi zikufanana ndi vuto lodziwika bwino limene madokotala amalitcha telogen effluvium.

Munthu amakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu tikaliwerenga limodzilimodzi, ndipo lililonse lili ndi nyengo yake. Lochuluka, mwina 85 kapena 90 pa 100 lililonse, limakhala likukula, ndipo limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi. Lotsalalo limakhala litasiya kukula, likungopuma m'dzenje mwake kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako limagwa kuti latsopano lituluke. N'chifukwa chake munthu wathanzi amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira n'komwe. Tsono thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, monga opaleshoni, kutaya magazi ambiri, kutentha thupi kwa malungo kapena taifodi, kubereka, kutsika thupi mwadzidzidzi ngakhalenso chisoni chachikulu, limasunga mphamvu zake kuti liteteze mtima, chiwindi ndi bala, ndipo tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi. Silimagwa tsiku lomwelo. Limakhalabe m'mutu likupuma miyezi iwiri kapena itatu ija, kenako limagwera pamodzi.

Taonani mlambe. Mvula ikasiya, sumayoyola masamba tsiku lomwelo, umakhalabe wobiriwira kwa kanthawi, ndipo pamene ukudzakhala mbee anthu amakhala ataiwala kale tsiku limene mvula inagwa komaliza, koma mizu yake imakhala ili moyo. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumasokoneza anthu. Munthu amadwala mu Malichi, amachira, ndiye tsitsi likayamba kugwa mu Juni amafufuza chimene anachita sabata yathayi, n'kuloza chala saluni, sopo watsopano, khanda loyamwa kapena mnansi. Ine amayi akabwera ndi dandaulo limeneli ndinkawauza kuti awerenge chobwerera m'mbuyo miyezi itatu, ndipo ambiri ankaseka okha atakumbukira.

Kachinthu koyera kaja si muzu, monga ambiri amaopera. Ndi kumapeto kouma kwa tsitsi limene latha nthawi yake, ndipo dzenje lotulutsa tsitsi likadali pakhungu. Kawirikawiri kuthothoka kotere kumatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kenako kumaleka, ndipo sikumasiya munthu ndi dazi lenileni. Koma pa inu pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti mungodikira: mwataya magazi zaka zitatu, ndipo magazi oikidwa kuchipatala samatanthauza kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi yadzaza. Tengani buku lanu lakuchipatala mukapemphe kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi.

Bambo Chisale

Amayi anamwino anena zoona pa nkhani ya miyezi itatu, ndipo ndikufuna kutsimikiza kuti si vuto la amayi okha. Ine ndinadwala Covid-19 mu Januwale 2021, nthawi imene matendawa anavuta kwambiri m'dziko muno, ndipo ndinakhala masiku asanu ndi anayi thupi lili moto. Mu Epulo wometa wanga ndi amene anayamba kudandaula kuti makina akungodutsa m'mutu mwanga ngati m'munda mosamera bwino. Chinthu china chimene ndinaona ndi chakuti zikhadabo zonse za m'manja zinali ndi kamzere kolowa m'kati kopingasa, pamalo ofanana pachala chilichonse, ndipo kamzereko kankasendera kutsogolo mwezi ndi mwezi mpaka ndinakawenga. Dokotala anandiuza kuti nazonso zikhadabo zinaima kukula masiku amene ndinadwalawo. A Nangozo, tayang'anani zikhadabo zanu, mwina nanunso muli nako. Pofika Khirisimasi ya chaka chimenecho tsitsi langa linali litabwerera, kupatula pankhongo pamene dazi la kwathu linali litayamba kale.

Nazimbiri

Ine malangizo anga ndi achidule. Metani mpala, ndipo muzipaka mafuta a nsatsi usiku uliwonse mukutikita khungu. Tsitsi likametedwa limamera lambiri ndi lolimba, ngakhale ana timawameta pa chifukwa chomwecho. Mchemwali wanga anachita zimenezi atadwala taifodi ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi tsitsi lake linali lakuda bii.

Namwino wopuma

A Nazimbiri, ndikupempha kuti musakhumudwe, koma apa ndikutsutsani pang'ono. Lumo limadula tsitsi pamwamba pa khungu, silifika kumene tsitsi limapangidwira, choncho silingawonjezere kuchuluka kwake. Tsitsi lometedwa limamveka lolimba chifukwa nsonga yake imakhala yodulidwa, osati yosongoka. Achemwali anu anachira pa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene vutoli limatha lokha, akanapanda kumeta zikanakhalanso chimodzimodzi. Mafuta a nsatsi sindikuwaletsa, amafewetsa tsitsi kuti lisamaduke popesa, koma asakhale chifukwa chosiyira kukayezetsa magazi. Kumeta kuli ndi ubwino umodzi wokha umene ndimauvomereza, ndiwo wakuti munthu saonanso tsitsi lalitali papilo m'mawa uliwonse, ndipo kwa ena zimenezi zimakhazika mtima pansi.

Nangozo

Zikomo nonse. Amayi anamwino, ndawerenga kawiri zimene mwalemba ndipo usiku wathawu ndagona tulo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Bambo Chisale, kamzere kaja ndakapeza pazala zazikulu zonse ziwiri, ndipo ndadabwa kuti sindinakaonepo. Za kumeta ndinaziganizira, koma kwathu kuno mayi wamsinkhu wanga akameta mpala anthu amayamba kufunsa kuti maliro anali a yani, ndipo sindikufuna kukafika paukwati wa mng'ono wanga ndikuoneka ngati ndikuchokera kumeto. Maganizo anga anali oti ndikalukitse mesh yaitali kuti ibise pamene papepuka.

Naphiri wa kusaluni

Amayi, chonde mesh yaitaliyo muyambe mwaiiwala. Ndakhala ndikuluka anthu zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndikanena zoona ndalama ndimaifuna, koma mutu wonga wanuwo ukabwera kwa ine ndimaubweza. Tsitsi limene likupuma limazuka ndi kukoka pang'ono pokha, ndipo lotsalalo likakhala lochepa, kulemera konse kwa mesh kumagwera pa tsitsi lowerengeka. Pamene mukufuna kubisapo, m'mbali mwa chipumi, ndi pamene pamavutika kwambiri. Kuthothoka kwa matenda kumabwerera, koma kuzuka kobwera chifukwa chokoka chaka ndi chaka kumatha kupha mabowo a tsitsi, khungu n'kusalala ngati chikhatho, ndipo pamenepo palibe mafuta amene angathandize. Ndaona amayi ambiri amene chipumi chawo chinasendera m'mbuyo chifukwa chobisa vuto la miyezi inayi ndi maluko othina.

Chimene ndimachita ndi makasitomala anga otere ndi ichi. Ndimawaluka mizere ikuluikulu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu ndi tsitsi lawo lomwe, momasuka moti munthu atha kukweza nsidze osamva kukoka, ndipo timamasula pakatha masabata awiri. Ngati pali mwambo, amavala wigi pamwamba pake, koma yopanda guluu ndiponso yopanda tizipeso tija timakola kutsogolo, ndipo akafika kunyumba amavula kuti mutu upume. Mankhwala owongolera tsitsi, utoto ndi chowotchera tsitsi ziyambe zadikira. Popesa, tsitsi likhale lonyowa ndi lopaka mafuta, muyambe ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde. Duku wa nsalu yoterera ndi wabwino pogona kuposa wa chitenje, ndipo mfundo yake isamakhale pamalo amodzimodzi tsiku lililonse.

Chinanso, musasiye kuchapa m'mutu chifukwa choopa zimene mumaona m'beseni. Amayi ambiri amakhala mwezi osachapa, ndiye tsiku lochapalo tsitsi la mwezi wonse limatuluka pamodzi, iwo n'kulira kuti zafika poipa, chonsecho linali litazuka kale, limangodikira madzi. Ndipo mudziwe kusiyanitsa: tizidutswa tatifupi topanda kachinthu koyera ndi tsitsi loduka, limenelo ndi vuto la kasamalidwe ndipo ndi ntchito yathu ife, koma lathunthu lokhala ndi kachinthu koyera ndi nkhani ya m'thupi.

Bambo Mbewe

Ndikufuna kunena chinthu chimene ena akuchizemba. A Nangozo atchula kuti anthu akuwayang'ana chifukwa atsika thupi ndipo tsitsi lapepuka, ndipo tonse tikudziwa chimene anthuwo akuganiza. Pamene mukukayezetsa magaziwo, pemphaninso kuti akuyezeni HIV ndi chindoko.

Nazimbiri

Bambo Mbewe, mawu amenewo ndi olemetsa kwa munthu amene wabwera kudzapempha thandizo. Mayiyu wanena yekha kuti anachitidwa opaleshoni, ndipo anamwino afotokoza kale chifukwa chake. N'chifukwa chiyani mukufuna kumuwonjezera nkhawa ina?

Bambo Mbewe

Mayi, sindinalembe monyoza. Ine amene ndikulemba pano ndakhala ndikumwa ma ARV zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsitsi langa ndi lodzaza kuposa la anzanga ambiri amene alibe kachilombo. Ndisanayezetse ndinataya chaka chathunthu ndikumwa zitsamba chifukwa akuluakulu kumudzi anaona tsitsi langa lofewa ndi lapatalipatali n'kunena kuti ndi kanyera. Zimene ndinaphunzira n'zakuti tsitsi silingauze munthu matenda amene ali nawo, kaya amene akumuyang'anayo ndi mnansi, kaya ndi apongozi. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere, tsono munthu akadziwa, maso a anthu samulasanso mumtima.

Namwino wopuma

Nonse awiri mukufunira zabwino mwana wathuyu. Bambo Mbewe sanalakwe, chifukwa chindoko chikafika pa gawo lachiwiri chimatha kuthothola tsitsi mwa timadontho ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo chimachizika ndi jakisoni wa penicillin. Munthu amene wangochitidwa opaleshoni nthawi zambiri amakhala atayezedwa kale zina mwa zimenezi, koma kubwereza sikuvulaza.

Popeza ambiri akuwerenga, ndinene zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Ngati tsitsi lachoka malo amodzi mozungulira ngati ndalama yachitsulo, khungu lili losalala, limenelo ndi vuto lina limene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi tsitsi. Ngati pali mamba, kuyabwa ndi tsitsi loduka, makamaka mwa ana, ganizirani chipere, ndipo chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, odzola okha sakwanira. Ngati pakati pa mutu pakupweteka, pakutentha kapena pakuwala ndipo dangalo likukula pang'onopang'ono, pitani msanga, chifukwa mtundu umenewu umasiya chipsera ndipo umapezeka kwambiri mwa amayi akhungu lakuda. Ngati pamodzi ndi tsitsilo pali kutupa pakhosi, mtima kugunda kwambiri, kuzizidwa nthawi zonse kapena kusintha thupi popanda chifukwa, chithokomiro, chomwe ndi kachiwalo ka pakhosi, chiyezedwe. Pitaninso kuchipatala ngati pali zilonda pankhope ndi kuphwanya kwa mfundo, kapena ngati kuthothokako kwapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Yambani kuchipatala chapafupi, iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa madokotala a khungu kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukapita, tengani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena, monga ochepetsa kuundana kwa magazi amene amaperekedwa pambuyo pa opaleshoni zina, amathothotsanso tsitsi, koma musasiye kumwa nokha dokotala asananene.

Nasibeko

Ndalowa mochedwa koma ndikufuna kuwonjezera za ife amene tinadutsa pa mankhwala a khansa, chifukwa zathu zimayenda mosiyana ndipo sindikufuna wina asokonezeke. Ine ndinachotsedwa bere ndipo kenako ndinayamba chemotherapy. Tsitsi silinadikire miyezi itatu, linayamba kugwa patangotha masabata awiri ndi theka chilandirireni botolo loyamba, ndipo linachoka lonse, nsidze zomwe. Mankhwalawo amagunda chilichonse chimene chikukula mofulumira m'thupi, ndiye tsitsi limagwa likadali pakati pa kukula. Si mankhwala onse a khansa amene amachita zimenezi, choncho ndi bwino kufunsa adokotala musanayambe kuti mukonzekere.

Ine ndinameta ndekha tsiku limene ndinaona kuti layamba, ndipo mwana wanga wamkazi ndi amene anagwira galasi. Tinalira tonse, kenako tinaseka chifukwa tinapeza chipsera chimene ndinavulala ndili mwana nditagwa mumtengo wa mango, chimene ndinali nditachiiwala zaka makumi anayi. Chimene palibe anandichenjeza ndi kuzizira kwa mutu usiku mu Juni, ndiponso kupsa ndi dzuwa mu Okutobala, moti ndinkagona ndi chipewa cha ulusi ngati khanda. Patatha miyezi iwiri nditamaliza mankhwala kunayamba kutuluka tsitsi lofewa ngati la mwana wobadwa kumene, ndipo linabwera ndi imvi zambiri kuposa kale. A Nangozo, chimene chinandipweteka kwambiri si galasi ayi, koma anthu ondiuza kuti ndi tsitsi chabe, ndizithokoza kuti ndili moyo. Ndinkathokoza ndithu, koma ndinkaliranso, ndipo zonse ziwiri zinali zoona. Wina akakuuzani mawu amenewo musadzione ngati wosayamika.

Nankhoma wa ku Johannesburg

Kuno mashopu a mankhwala adzaza ndi mabotolo olembedwa kuti ndi a tsitsi, khungu ndi zikhadabo, ndipo azibale kumudzi amandituma kawirikawiri. A Nangozo, ngati mukufuna ndingathe kukutumizirani mapiritsi a biotin ndi mankhwala opaka a minoxidil kudzera kwa a mabasi, afika ukwati usanachitike. Anzanga ambiri kuno amawayamikira.

Wogulitsa mankhwala ku Zomba

A Nankhoma, mtima wanu ndi wabwino, koma ndikupempha kuti muyambe mwadikira zotsatira za magazi. Biotin amathandiza munthu amene akusowa biotin m'thupi, ndipo anthu otere ndi ochepa kwambiri, chifukwa biotin amapezeka m'mazira, mtedza ndi chiwindi. Choopsa chake n'chakuti akamwedwa wambiri amasokoneza zotsatira za kulabu, makamaka zoyeza chithokomiro ndi zoyeza ngati mtima wavulala, moti bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjezapo za zimenezi mu 2017. Munthu amene akupita kukayezetsa asayambe kumwa zimenezi, ndipo ngati anayamba kale awauze amene akumuyezawo.

Minoxidil ndi mankhwala enieni ndipo amagwira ntchito pa dazi la kumtundu, koma ali ndi khalidwe lake. M'masabata oyambirira tsitsi limathothoka kwambiri lisanayambe kumera, zotsatira zimaoneka pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo savomerezeka kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Pa vuto limene limatha lokha, ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama zambiri chonchi pokhapokha dokotala atanena. Ndimagulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo amene amabwera kudzayamikira ambiri ndi amene tsitsi lawo likanamera ngakhale akanapaka madzi a pachitsime.

Nangozo

Ndabwerako kuchipatala ndipo ndati ndikudziwitseni. Magazi anga apezeka kuti ali pa 9.4, ndipo adokotala anena kuti mayi wosayembekezera amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. HIV ndi chindoko sanandipeze nazo, ndipo Bambo Mbewe ndikukuthokozani chifukwa ndatulukamo mtima uli m'malo. Andipatsa mapiritsi a ayironi ndi mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo akuti ndibwerenso pakatha mwezi. Atandifunsa ngati ndimatopa msanga, ndinazindikira kuti ndakhala ndikupumira pakati pa masitepe kuntchito, komanso ndakhala ndikulakalaka dothi la pachulu, zimene ndinkachita nazo manyazi kuuza munthu. Anandiuza kuti chilakolako chimenecho chimayenderana ndi kuchepa kwa ayironi. Funso langa tsopano ndi lakuti mapiritsiwa ndingamwere tiyi wam'mawa, popeza ndi nthawi yokhayo imene sindingaiwale?

Namwino wopuma

Mwachita bwino mwanawanga. Tiyi ayi, chifukwa tiyi, khofi ndi mkaka zimalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, choncho pakhale mpata wa ola limodzi kapena awiri. Mwerani madzi, ndipo ngati pali lalanje, gwafa kapena madzi a malambe ndiye bwino kwambiri, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Chimbudzi chidzada, musadabwe nazo, ndipo mukadzimbidwa wonjezerani madzi, masamba ndi papaya m'malo mosiya mankhwala. Akakuvutani m'mimba, mwerani pambuyo pa chakudya chochepa. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kusiya akangomva mphamvu, pamene nkhokwe imafuna miyezi ina pafupifupi itatu magazi atabwerera kale pamlingo wake. Mapiritsiwo muwaike patali ndi ana, chifukwa mwana akamwa ambiri ndi poizoni.

Pa chakudya simufunika za m'mabotolo. Tsitsi limapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo munthu amene akuchira bala amazifuna kwambiri. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi mitu yake, mazira, chiwindi kamodzi pa sabata, nyemba, nandolo, soya, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, zonsezi zili pamsika wapafupi. Ino si nthawi yodzimana chakudya kuti diresi la ukwati likwane. Ndikuchenjezeninso kuti musayembekezere kuti mapiritsi aletsa kuthothoka sabata ino, popeza tsitsi limene linasiya kukula mu Malichi liyenera kugwa basi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo lathu lopotanali limaoneka lalifupi kuposa mmene lilili, choncho kuti mutu udzazenso ngati kale pamatha chaka kapena kuposerapo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'malo mowerenga tsitsi la pachipeso tsiku lililonse, muzidzijambula kamodzi pamwezi, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana.

Bambo Chisale

Nanga apongozi aja mwawauza chiyani? Ndikufunsa chifukwa ineyo mayi anga sanakhulupirire za Covid-19 mpaka lero, amati ndinalodzedwa kuntchito.

Nangozo

Sindinakangane nawo. Ndinawaonetsa buku lakuchipatala ndi kuwawerengera fanizo la mlambe lija, ndipo iwo anakumbukira okha kuti atadwala malungo aakulu ali ndi pakati pa amuna angawa, tsitsi lawo linathothoka nthawi yokolola pamene anadwala nthawi yopalira. Sananene kuti asintha maganizo, ndipo tsitsi langa akulisungabe m'kapepala kuti lisapite kudzala, koma dzulo anabwera ndi chiwindi cha mbuzi ndi bonongwe wodzaza lichero. Amuna anga, amene nthawi yonseyi sankanena kanthu, anandiuza kuti ankaopa kuti zotupa zija zinali khansa ndipo madokotala anatibisira. Sindinkadziwa kuti nawonso sankagona.

Nasibeko

Zimenezo n'zimene zimachitika m'nyumba zambiri, aliyense amaopa payekha. Mukapitanso kuchipatala mwezi wamawa mupite nawo, akamve okha kuchokera kwa adokotala zimene anapeza pa zotupazo.

Nangozo

Ndabweranso patapita nthawi kuti ndisakhale ngati munthu wongotenga malangizo n'kusowa. Ukwati unatheka Loweruka lapitali. Ndinalukitsa mizere isanu ndi itatu yomasuka monga ananenera a Naphiri, wigi ndinaiyesa koma inkanditentha, ndiye ndinamanga duku wamkulu wa nsalu yofanana ndi ya akuchikazi onse, ndipo pa perekaniperekani ndinavina mpaka miyendo kuwawa popanda kupumira. Magazi afika pa 11.1 ndipo mapiritsi ndikupitiriza. Amuna anga anapita nane ndipo anamva okha kuti zotupazo sizinali khansa.

Tsitsi likugwabe koma lachepa, chipeso sichikudzazanso. M'mawa uno nditaima pawindo ndi galasi ndaona timatsitsi tatifupi tambirimbiri m'mbali mwa chipumi, toima ngati udzu wongomera kumene, ndipo sitikugona ngakhale ndipake mafuta. A Naphiri, kodi timeneti ndi tatsopano kapena ndi toduka? Ndipo ndidikire mpaka liti kuti ndilukitse mesh, popeza mu Disembala kuli chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga?

Naphiri wa kusaluni

Tengani kamodzi mukayang'ane kunsonga. Ngati nsonga yake ndi yopyapyala yosongoka, ndi katsopano, koma ngati ndi yodukiza kapena yogawanika, ndi koduka. Mmene mwafotokozeramo, toima tokhatokha tofanana msinkhu, ndikukhulupirira kuti ndi tatsopano, ndipo musalimbane nato ndi jelo kapena burashi kuti tigone, tisiyeni tiime choncho. Za Disembala tidzaona mutu wake nthawiyo. Ngati kuthothoka kudzakhale kutasiya kwa miyezi iwiri, mungathe kulukitsa zazifupi zofika m'mapewa, zikuluzikulu ndi zopepuka, koma woluka wanu mudzamuuze asanayambe kuti timatsitsi ta kutsogoloto asatigwire n'komwe, ndipo akakoka mpaka khungu kutuluka timatuza, mudzamasule tsiku lomwelo ngakhale mutalipira kale.